Kavalo wakana kudya, akutsimphina kapena watupa pamwamba pa maso: muone chiyani, muchite chiyani

Mwezi wa Meyi ukangolowa kuno ku Gauteng, ku South Africa, udzu wa kubusa n'kuuma, foni yanga imayamba kulira usiku. Amakhala mnzathu wochokera kumudzi amene wangopeza kumene ntchito ya m'khola la akavalo, ndipo mawu amakhala omwewo chaka ndi chaka: "Achimwene, kavalo wakana kudya, akungocheukira mimba yake. Nditani? Abwana agona." Ndikafunsa kuti mtima ukugunda kangati, kapena wachita ndowe milu ingati chim'mawire, kumangoti zii.

Ambirife tinakula ndi ng'ombe ndi mbuzi. Ng'ombe imapirira, imatha kufooka masiku atatu n'kudzuka yokha. Kavalo ayi. Sasanza, chifu chake n'chaching'ono moti chimalowa malita 8 mpaka 15 okha, pomwe matumbo ake ndi aatali pafupifupi mamita 30, okhotakhota. Chikatsekeka penapake, maola ochepa okha amakwana kuti afe. Ndipo amene amayamba kuona kuti zinthu sizili bwino si mwini kavalo kapena dokotala, ndi inu amene mumasesa m'kholamo mbandakucha.

Manambala oti muwasunge pamtima

Muyezeni kavalo aliyense ali bwinobwino, mulembe pakhoma kapena m'kabuku. Tsiku la vuto mudzakhala ndi poyerekezera.

- Kutentha kwa thupi: madigiri 37.5 mpaka 38.5. Themometa imalowa kotulukira ndowe. Imani chammbali, mutagwira mchira, osati kumbuyo kwenikweni.
- Kugunda kwa mtima: ka 28 mpaka ka 44 pa mphindi, akupuma. Pisani zala pansi pa nsagwada, mupeza kamtsempha kogudubuka ngati chingwe. Werengani masekondi 15, muchulukitse kanayi.
- Kupuma: ka 8 mpaka ka 16 pa mphindi. Yang'anani nthiti.
- Nkhama: zikhale zonyowa, zofiirira pang'ono. Mukadina ndi chala payera, ndipo mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri.
- Madzi: kavalo wa makilogalamu 500 amamwa malita 25 kapena kuposa pa tsiku, ndipo kukatentha kapena akagwira ntchito amatha kuwirikiza.
- Ndowe: milu 8 mpaka 12 pa tsiku.

1. Wasiya chakudya, akupalasa pansi, akucheukira mimba, akugona n'kudzuka

Uku ndiko kupweteka kwa m'mimba kumene madokotala amati colic. Dzinali likungonena ululuwo, zoyambitsa zake n'zambiri. Nazi, kuyambira zimene zimachitika kawirikawiri:

- Mpweya ndi kupotokola kwa matumbo. Dzifunseni chimene chasintha masiku atatu apitawa: thumba latsopano la chakudya, mtolo wina wa udzu, lucerne (msipu wamasamba wochita kulima) wochuluka, msipu wanthete wa mvula yoyamba. Udzu wotchetchedwa ndi makina a pakapinga ndi woopsa kwambiri, chifukwa umasasa uli pamulu ndipo kavalo amaumeza osatafuna. Tsamiritsani khutu m'mbali mwa mimba, nthawi zambiri mumamveka kulira kwambiri.
- Kutsekeka kwa ndowe. Nyengo yozizira iyi ndiyo mfumu. Madzi akazizira kavalo amamwa pang'ono, pomwe akudya udzu wouma wokhawokha. Yang'anani chidebe: kodi chatsika? Yang'anani ndowe: ngati ndi timibulu tating'ono, touma, tokutidwa ndi kanthu koterera ngati mamina, matumbo ayamba kale kuima. Ululu wake umakhala wapang'onopang'ono, ndipo ndi umene umapusitsa anthu.
- Mchenga. Kavalo wodyera pansi pa dothi lamchenga amameza mchenga pang'onopang'ono. Tengani mibulu isanu ya ndowe imene sinakhudze dothi, muyike m'pepala la pulasitiki loonekera mkati, thirani madzi, fikisani, mupachike. Pakatha mphindi 15 gwirani pangodya yapansi. Mchenga umamveka ndi zala.
- Njoka za m'mimba ndi mano oipa. Ngati akugwetsa timipukutu ta udzu wotafunidwa mwatheka, mano akufunika kupalidwa. Aonedwe kamodzi pa chaka.
- Zilonda za m'chifu. Zimakonda akavalo a mpikisano amene amadya chakudya cham'thumba chambiri, udzu wochepa. Amayamba kudya n'kusiya, amakwiya mukamamanga lamba wa chishalo, ndipo vutolo limabwerabwera.
- Poizoni. Apa tcherani khutu, makamaka inu amene mukusunga akavalo ndi abulu kumudzi pamodzi ndi ziweto zina. Dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz asakhudze kavalo, amaimitsa matumbo. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chokhala ndi monensin chimawononga mtima wa kavalo ngakhale atadya pang'ono. Chimanga ndi madeya zochita chuku zimawononga ubongo, kavalo amayamba kuzungulira, kudzandira, kutsamiritsa mutu kukhoma.
- Kupotana kwa matumbo. Sikuchitikachitika, koma ndi kumene kumapha msanga. Thukuta limachita kuyenderera, kavalo amadzigwetsa pansi osasamala kuti avulala, m'mimba muli chete, nkhama zofiira kwambiri kapena zotuwa.

Zoti muchite nthawi yomweyo:

- Chotsani chakudya chonse, ndi udzu womwe. Madzi asiyeni pokhapokha dokotala atanena zina.
- Yezani manambala aja, mulembe ndi nthawi yake.
- Ngati akufuna kugubuduka, muyendetseni pang'onopang'ono mphindi 10 kapena 15, kenako apume. Musamuyendetse usiku wonse mpaka kulefuka. Ngati wagona phee osadzimenyetsa, musiyeni agone.
- Musamumwetse mafuta ophikira, mowa kapena mankhwala azitsamba ndi botolo. Mukamukweza mutu mokakamiza, zimalowa m'mapapo, ndipo mwawonjezera chibayo pa vuto limene linalipo.
- Musabaye mankhwala oletsa ululu otchedwa Finadyne dokotala asanalole. Amabisa ululu, dokotala n'kufika kavalo akuoneka ngati wachira pomwe matumbo akufa. Komanso akabayidwa mumnofu amatha kuyambitsa chotupa chowola choopsa.

Imbirani dokotala wa ziweto osadikira ngati mtima wapitirira ka 60 pa mphindi, ngati nkhama zasintha mtundu, ngati mimba yafufuma, ngati ululu sukutsika pakatha theka la ola, kapena ngati wakhala theka la tsiku osachita ndowe. Kunena zoona, ine ndimati colic iliyonse dokotala aimve pa foni, iye ndiye anene ngati abwere kapena ayi.

Chaka changa chachiwiri pa ntchitoyi ndinkasamala kavalo wamkazi wofiirira, wofatsa, amene ankandipumira m'khosi ndikamapesa mchira wa mnzake. Lachisanu lina m'mawa mu Juni ndinapeza chidebe chake chili chodzaza, pamwamba pali kachigamba ka madzi oundana. Ndowe inali milu itatu yokha, youma. Ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinangokankha wilibala n'kupita. Madzulo anasiya theka la chakudya. Usiku anayamba kupalasa, ine n'kuopa kugogoda kunyumba kwa adona, ndimvekere kucha kaye. Dokotala anafika Loweruka dzuwa litakwera, analowetsa paipi m'mphuno, anayesa zonse, koma zinali zitapitirira. Mpaka lero ndikalowa m'khola, maso anga amayamba pa chidebe.

Kuti vutoli lisabwerenso: sinthani chakudya pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, mukusakaniza chakale ndi chatsopano. Udzu ukhale wochuluka, makilogalamu 8 mpaka 10 pa tsiku kwa kavalo wa makilogalamu 500, ndipo chakudya cham'thumba chisapitirire makilogalamu awiri pa nthawi imodzi. Nyengo yozizira thirani ketulo ya madzi otentha m'chidebe madzulo, nyowetsani chakudya, ndipo muikemo supuni ya mchere kuti amve ludzu.

2. Chakudya ndi malovu zikutuluka m'mphuno

Watsamwa. Chakudya chatsekeka kummero wopita kumimba, osati wopumira, ndiye mpweya akupuma ndithu, musanjenjemere. Kawirikawiri wameza mwaphuma chakudya chouma, kapena wadya beet (chakudya chouma chofunika kuviika m'madzi) yosaviikidwa mokwanira. Nthawi zina ndi chidutswa chachikulu cha karoti kapena chitsononkho, nthawi zina ndi mano. Chotsani chakudya ndi madzi omwe, mutu ukhale chozolika, mumusiye pamalo a bata. Musathire chilichonse m'kamwa. Ambiri amamasuka okha, koma pakatha theka la ola zisanasinthe itanani dokotala, ndipo masiku atatu otsatira muziyeza kutentha kwa thupi chifukwa zina zimakhala zalowa m'mapapo.

3. Akutsimphina

Yambani kupeza mwendo wake. Wina amuthamangitse pang'ono pamalo olimba, osalala, chingwe chili chomasuka, inu mukuyang'ana mutu. Mutu umakwera mwendo wakutsogolo wopweteka ukaponda pansi, n'kutsika wabwino ukaponda. Mukaupeza, yambirani kuchiboda. Anthu ambiri amathamangira kusisita phewa, pomwe vuto nthawi zambiri limakhala pansi.

- Mafinya m'chiboda. Dzulo anali bwino, lero akuyenda ndi miyendo itatu ngati wathyoka. Zimachuluka mvula ikagwa pambuyo pa chilimwe, chiboda chikafewa n'kulowa dothi m'ming'alu. Gwirani ziboda zonse ndi kuseri kwa dzanja, chodwalacho chimatentha. Kuseri kwa mfundo ya pamwamba pa chiboda kuli mtsempha wa magazi, ndipo umagunda mwamphamvu. Viikani chibodacho m'madzi ofunda osungunuliramo mchere wamankhwala wotchedwa Epsom salt mphindi 15 kawiri pa tsiku, mumange ndi thewera la mwana ndi tepi yolimba. Kuboola kuti mafinya atuluke ndi ntchito ya farrier (mmisiri wodula ziboda ndi kukhomera akavalo nsapato zachitsulo) kapena dokotala, musatenge mpeni wanu. Akaboola pamatuluka timadzi takuda tonunkha, ndipo mawa lake kavalo amaponda.
- Mwala kapena kusupuka kwa pansi pa chiboda. Tokosani bwinobwino, makamaka m'mbali mwa kanyama kapakati kooneka ngati chilembo cha V. Masiku ochepa opuma pofewa amakwana.
- Nsapato yogwedera kapena msomali wopanikiza. Ngati wayamba kutsimphina tsiku limodzi kapena awiri atangomukhomera nsapato, muitanenso farrier yemweyo. Ziboda zizidulidwa pakatha milungu 5 kapena 6 iliyonse.
- Kuwola kwa kanyama kapakati kaja. Kamada, kamanyenyeka, fungo lake simungaliphonye. Gwero lake ndi kuima pamkodzo ndi ndowe. Tsukani, pakani ayodini, koma chachikulu pansi pa khola pakhale pouma.
- Mtsempha wolimba wa kuseri kwa mwendo. Umavulala polumpha kapena pothamanga pamchenga wakuya. Pamatupa, pamatentha, ndipo mukafinya amanyamula mwendo. Thirani madzi ozizira a paipi mphindi 20, katatu pa tsiku, asatuluke m'khola, dokotala adzaunike. Pali akavalo amene amasiya kutsimphina pakatha sabata pomwe mtsempha usanapole, ndipo akakwereredwa msanga umaduka zenizeni. Kupola kwake ndi miyezi yambiri.
- Laminitis, matenda otupitsa nyama ya m'kati mwa chiboda. Ziboda zonse ziwiri zakutsogolo zimatentha, kavalo amaima atatambasula miyendo kutsogolo, thupi litatsamira kumbuyo, ndipo potembenuka amachita ngati akuponda makala a moto. Amakonda akavalo onenepa, maponi (akavalo a mtundu waufupi) ndi abulu, kapena amene wathyola chitseko n'kudya thumba lonse la chakudya. Musamuyendetse. Muimikeni pamchenga kapena pautuchi wambiri, ziboda m'madzi a ayezi, chakudya cham'thumba ndi msipu wauwisi zichoke, foni kwa dokotala lero lomwelo. Mukapeza kuti wadya thumba lonse, imbani asanayambe n'komwe kutsimphina.

Lekani zonse muitane dokotala ngati mwendo ukulendewera kapena wakhota, ngati pali bala pafupi ndi mfundo likutuluka timadzi tachikasu tonanda, kapena ngati msomali walowa pansi pa chiboda. Msomaliwo, ngati dokotala angafike msanga, musauzule, chifukwa amafuna kujambula aone pamene wafika. Ngati kuli kutali ndipo kavalo akuuponderezera mkati, jambulani ndi foni, muuzule, muike chizindikiro pabowopo ndi pamsomali pamene unalekezera, mumange. Funsani nthawi yomweyo za katemera wa kafumbata. Kavalo amagwidwa kafumbata mosavuta kuposa ziweto zina zonse za pakhomo.

4. Thupi latentha, wazolika, sakudya

Themometa ikapitirira 38.5 kavalo asanagwire ntchito, asakwereredwe tsiku limenelo. Ikafika 39, dokotala adziwe. Kenako yang'anani zinthu zitatu: nkhama, mphuno, ndi kadzenje ka pamwamba pa diso.

- Matenda a nkhupakupa, amene kuno amati biliary. Nkhama ndi mkati mwa zikope zimatuwa kapena kuchita chikasu, mkodzo umada, kavalo amatopa msanga. Funani nkhupakupa pansi pa mchira, m'makutu ndi pakati pa miyendo yakumbuyo. Dokotala amatenga kadontho ka magazi n'kuona pa makina. Mankhwala ake ndi amphamvu, amatha kuyambitsa colic, ndipo kwa bulu ndi oopsa koposa, choncho si obaya nokha.
- Chimfine ndi matenda a m'mapapo. Akutsokomola, mamina akutuluka. Mupatuleni, akhale ndi chidebe chakechake, ndipo muzimusamala pomaliza mutathana ndi enawo. Ngati wangotsika kumene m'galimoto pa ulendo wautali, monga wochoka ku Johannesburg kupita ku Durban kapena ku Cape Town, muzimuyeza m'mawa ndi madzulo masiku atatu. Kuima maola ambiri mutu uli womangidwa m'mwamba kumadzetsa chibayo choopsa.
- Matenda otchedwa African horse sickness. Awa ndi amene amatisowetsa tulo kuyambira Febuluwale mpaka chisanu choyamba chitagwa. Safala pokhudzana. Amabwera ndi tizilombo touluka tochepetsetsa kuposa udzudzu, totchedwa Culicoides, timene timaswana m'matope osakanizika ndi ndowe ndipo timaluma dzuwa likamalowa, usiku, ndi m'mamawa. Mtundu wina, umene Mabunu amati dikkop, umatupitsa mutu: kadzenje ka pamwamba pa diso kamadzaza n'kutukumuka, kenako zikope, masaya ndi khosi. Pafupifupi theka la odwala mtunduwu amafa. Wina, dunkop, umagwira mapapo: kavalo amapuma mobanika, mphuno zili yasa, miyendo atatangadza, thukuta lili kamukamu, ndipo pamapeto thovu limatuluka m'mphuno. Opulumuka ndi ochepa kwambiri. Mankhwala ochiza palibe, dokotala amangothandiza thupi kulimbana nawo. Kavaloyo asayendetsedwe ngakhale pang'ono, asakwezedwe m'galimoto, ndipo ku South Africa lamulo limafuna kuti dokotala wa boma adziwitsidwe. Nyama ya kavalo wofa ndi matendawa musapatse agalu, amadwala nawo.
- Matenda a kashembe. Awa akukhudza amene muli kumudzi pafupi ndi nkhalango za Kasungu, Nkhotakota, Vwaza kapena chigwa cha Luangwa. Kutentha thupi kumabwera n'kupita, kavalo amawonda akudya, miyendo ndi pansi pa mimba zimatupa. Magazi ayezedwe msanga.

Za African horse sickness ndionjezepo, poti kupewa kwake kuli m'manja mwathu. Katemera wake amapangidwa ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, ndipo amabwera m'mabotolo awiri obayidwa motalikirana milungu itatu kapena kuposa. Nthawi yake ndi kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 31 Okutobala, tizilombo tija tisanachuluke. Kachilombo ka matendawa kali ndi mitundu 9, ndipo katemera sateteza kotheratu, makamaka kwa akavalo aang'ono amene sanabayidwe zaka zingapo. N'chifukwa chake nyengo yoopsa akavalo azilowa m'khola maola awiri dzuwa lisanalowe, n'kutuluka maola awiri litatuluka, mame atauma. Apopereni mankhwala othamangitsa tizilombo madzulo aliwonse, konzani mipope yodontha, ndipo ngati muli fani m'khola iyatseni, chifukwa tizilomboti sitilimba kuuluka pamphepo. Yezani kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse, poti kumakwera kutupa kusanaoneke. Kavalo wopita kudera lotetezedwa la ku Western Cape amafunika chilolezo cha dokotala wa boma, ndiye pasipoti yake (kabuku komuzindikiritsa kavaloyo) ikhale yolembedwa bwino katemera yense.

5. Wauma thupi ali pa ntchito kapena pa mpikisano

Wangoyenda mphindi zochepa, mwadzidzidzi miyendo yakumbuyo yakana, minofu ya m'matako yalimba gwa ngati thabwa, akutuluka thukuta, akunjenjemera.

- Kukokana kwa minofu, kumene okwera amati tying up. Kumakonda kavalo amene wapuma tsiku limodzi kapena awiri koma akulandira chakudya cham'thumba chonse. Mkodzo umatha kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Uyu ndi wosiyana ndi wa colic: musamuyendetse. Wokwera atsike, chishalo chichoke, mufunditseni ngati kukuzizira, mumupatse madzi, dokotala abwere pomwepo. Tsiku lopuma muzichepetsa chakudya cham'thumba ndi theka.
- Kutha madzi m'thupi ndi kutenthedwa. Tsinani khungu la paphewa, likachedwa kubwerera madzi achepa. Mutengereni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira ambiri thupi lonse mobwerezabwereza, ndipo mumulole amwe. Akavalo ena amakana madzi achilendo, ndiye nyamulani zigubu za madzi a kwanu. Pa mipikisano ya mtunda wautali madokotala salola kavalo kupitiriza mtima usanatsike kufika ka 64 pa mphindi, ndipo nambala imeneyi ingakuthandizeni ngakhale kunyumba. Ngati pakatha theka la ola mtima ukadali pamwamba, kapena thupi lafika madigiri 40 ndipo silikutsika, itanani dokotala wa pabwalopo.
- Kafumbata. Sachitikachitika kwa obayidwa katemera. Kavalo amayenda chowuma, mchira utatukuka, makutu ali njo, ndipo mukamukweza chibwano kachikope kamkati kamaphimba diso. Muikeni m'khola la mdima, lopanda phokoso, dokotala athamange.

Wina akakupatsani kapaketi ka bute (mankhwala oletsa ululu) kuti musakanize m'chakudya kavalo wotsimphina aoneke bwino pa mpikisano wa Loweruka, funsani kaye ngati dokotala akudziwa. Malamulo a FEI, bungwe loyang'anira mipikisano ya akavalo padziko lonse, salola kavalo kupikisana mankhwalawa ali m'thupi, ndipo amapezeka m'magazi mpaka pafupifupi sabata yathunthu. Choopsa china n'chakuti kavalo wosamva ululu amalumpha ndi mtsempha wong'ambika.

Poimba foni

Dokotala amathandiza msanga mukamuuza zogwirika. Nenani dzina la kavalo ndi msinkhu wake, nthawi imene munamuona komaliza ali bwino, kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, mtundu wa nkhama, milu ya ndowe, madzi amene wamwa, chimene chasintha pa chakudya, ndi mankhwala aliwonse amene wapatsidwa, ngakhale amene munapereka inuyo musanafunse. Jambulani kavidiyo ka masekondi 30 mutumize pa WhatsApp. Ngati Chingerezi chikukuvutani pa foni, lembani manambalawo mu uthenga, amamveka okha.

Nambala ya dokotala, ya farrier ndi ya mwini kavalo zilembedwe ndi choko kapena penti pachitseko cha chipinda cha chakudya. Mawa m'mawa mufunse abwana kapena adona funso ili mosabisa: "Kavalo akadwala pakati pa usiku, ndikudzutseni kapena ndiimbire dokotala ndekha?" Yankho lawo mulilembe pansi pa manambala aja, ndipo themometa ndi tochi zikhale pa msomali womwewo.